Galu wosungitsa: yankho kwa mayi wa ku Chilomoni

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chilomoni, mumzinda wa Blantyre. Mnzawo wa kuntchito anawauza kuti anthu opulumutsa agalu amasowa makomo osungirako agaluwo kwa kanthawi, mpaka atapezeka wowatenga. Mayiwa ali ndi mpanda wa njerwa, ana awiri a kupulayimale ndi galu mmodzi wamkazi. Funso lawo n'lakuti: "Kodi ndingathe? Nanga ndikazolowerana naye, ndidzamupereka bwanji?"

Mayi, mungathe. Koma ndiyambe ndi funso lanu lachiwirilo, chifukwa ndi pamene pagona nkhani.

Kumudzi munthu amatha kusungitsa mbuzi kwa mbale wake. Wosungayo amaidyetsa, amaitsekera m'khola madzulo, ikadwala amasowa nayo tulo, koma amadziwa kuti tsiku lina mwini adzabwera ndi chingwe. Kusunga galu wopulumutsidwa n'chimodzimodzi, kungoti wa mbuzi uja mwina amam'siyira kamwana, pomwe inu mudzatsala ndi nsapato zotafunidwa ndi mbale yopanda wodyeramo. Galuyo si wanu. Ntchito yanu ndi kum'konza kuti akathe kukhala pakhomo pa munthu wina. Anawo muwauze zimenezi tsiku loyamba lomwe, osadikira kuti ayambe am'patsa dzina n'kumagawana naye mandasi.

Tsopano za thanzi, ndipo apa ndichedwapo.

Galu wotoledwa pamsewu mbiri yake saidziwa aliyense. Inu a ku Blantyre mukudziwa kuti chiwewe si nthano. Madokotala a ku chipatala cha Queens ndiwo anadandaula za kuchuluka kwa ana omwalira nacho, ndipo mu 2015 bungwe la Mission Rabies linayamba kubaya agalu mumzindamo, agalu opitirira 35,000 m'masiku 20 okha. Cholinga chimakhala kubaya agalu 7 mwa 10 alionse, chifukwa pamenepo matendawa amalephera kufalikira. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti katemera sachiza galu amene analumidwa kale ndipo kachilombo kali m'thupi. Galu wotero amatha kuoneka wabwinobwino kwa masabata, nthawi zina miyezi. Choncho musalandire galu amene dokotala wa ziweto sanamuone, ndipo funsani komwe anam'peza, ngati anali ndi mabala olumidwa, komanso masiku amene wakhala m'manja mwawo. Akaluma kapena kukanda munthu pakhomo, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo. Musadikire kuti muone ngati patupe.

Masabata awiri oyamba mlendoyo akhale payekha: malo ake, mbale zake, osakhudzana ndi galu wanu uja. Wanuyo akhale atabayitsa makatemera ake onse, ndipo ngati simunam'tseketse kubereka, landirani wamkazi mnzake kapena wamphongo wofula. Apo ayi, pakatha miyezi iwiri mudzakhala inu wofunafuna anthu osunga tiana.

Ine ndinaphunzira ndi misozi. Chaka changa choyamba ndinalandira tiagalu titatu totoledwa m'ngalande, ndipo poti tinkaoneka tosangalala ndinatisiya tizithamanga bwalo lonse. Tsiku lachinayi kamodzi kanakana chakudya. Madzulo kanayamba kusanza, m'mawa kutsegula m'mimba kwa magazi, fungo lake loti ukalimva kamodzi suliiwala. Inali parvo. Tiwiri tinatipulumutsa ndi madiripu, kamodzi kanafa ndili nako pamiyendo m'galimoto. Kachilombo ka parvo kamakhala m'dothi miyezi yambiri, mwina kupitirira chaka, choncho ndinakhala nthawi yaitali osalandiranso ana agalu. Pa simenti mutha kutsuka ndi Jik, kapu imodzi m'makapu 30 a madzi, koma dothi simungalitsuke. Ndiye ngati akupatsani ana agalu, asungeni pa simenti mpaka katemera atakwana. Ine ndikanakonda kuti muyambe ndi galu wamkulu wofatsa. Tiana timakopa maso, koma timafuna mankhwala a njoka za m'mimba masabata awiri alionse mpaka titakwana miyezi itatu, ndipo usiku timalira ngati khanda.

Nkhupakupa muzifufuza m'makutu ndi pakati pa zala. Mukaona nkhama zayera, galu wafooka ndipo mkodzo wafiira, amenewo ndi matenda a nkhupakupa, thamangani naye. Nyengo ya mvula muonanso tizithupsa tokhala ndi kabowo pakati; mkatimo muli mphutsi ya ntchentche imene imaikira mazira pamchenga wonyowa ndi mkodzo ndi pa nsanza zogonera. Pakanipo Vaseline, ikasuzumira muifinye, ndipo zogonerazo muzichapa n'kuzisita.

Pa chakudya, chisoni chisakupusitseni. Galu wongotsala nthiti mukam'thira mbale yodzaza mutha kumupha. Muzim'patsa pang'onopang'ono, kanayi kapena kasanu patsiku. Nsima ya mgaiwa yosakaniza ndi bonya kapena dzira lophika imathandiza, koma nsima yokhayokha sikwanira. Mafupa a nkhuku ophika amathetheka n'kubaya matumbo, anyezi ndi chokoleti ndi poizoni kwa galu, ndipo mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba tiana tambiri.

Za ndalama mukambirane musanam'kweze m'galimoto. Mabungwe opulumutsa ndi kusamalira nyama alipo: ku Blantyre kuli BSPCA, ku Lilongwe kuli LSPCA. Aliyense amene mugwirizane naye, funsani momveka: chakudya agula ndani, akadwala usiku muimbira ndani, bilu ya dokotala ndi ya ndani, ndipo zikakukanikani mungam'bweze? Ngati nyumbayo ndi ya lendi, alandilodi amve kwa inu, asamve kwa aneba. Ndipo ndinenepo mwapadera: tiagalu timene anyamata amatinyamula m'mbali mwa msewu padzuwa musagule poganiza kuti mukupulumutsa. Ndalama yanuyo ndi imene imawatuma kukalanda tina kwa make mawa.

Chimene galu wotere amasowa kwambiri si mankhwala ayi. Ambiri mwa iwo munthu akawerama amaganiza kuti akutola mwala. Ndinasungapo wina, tinkamutcha Adzatopa, amene anakhala masiku asanu kuseri kwa thanki ya madzi. Ndinkangokhala chapatali pa mpando, chammbali, ndikusankha mpunga, osamuyang'ana m'maso. Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinamva mphuno yozizira pachidendene. Sindinatembenuke. Mawa lake anagona pafupi ndi lichero. Ana anu muwaphunzitse zomwezo: asam'thamangitse, asam'kumbatire, asam'yandikire akamadya. Wantchito ndi mlonda muwauzenso, chifukwa kwathu kuno ambiri tinakula tikumva kuti galu umam'tsekera m'kakhola masana onse kuti usiku aluse. Galu wotsekeredwa choncho amaluma ndi ana a pakhomo omwe, ndipo palibe banja lidzam'fune. Muzolowetseni chingwe cha pakhosi, kukwera galimoto, kugwiridwa miyendo ndi makutu. Zimenezi ndi zomwe zimam'pezetsa khomo.

Muzilembanso zomwe mukuona: amagwirizana ndi ana? Amathamangitsa nkhuku? Amalumpha mpanda? Wodzam'tenga muuzeni zoona zokhazokha. Mukabisa kuti amagwira nkhuku, pakatha sabata adzabwezedwa, mwinanso atamenyedwa.

Nanga tsiku lopereka? Limawawa, sindikunamizani. Adzatopa atakwera galimoto ya banja lomwe linam'tenga anandiyang'ana pawindo mpaka pageti, ndipo ine ndinalowa m'bafa kuti ana asandione. Ena amalephera n'kungom'tenga galuyo kukhala wawo. Si mlandu, kungoti malo aja atsekeka ndipo wotsatira alibe kopita. Chimene chimandithandiza ndi kum'perekeza ndi bulangete lake losachapa kuti akamve fungo la kwathu usiku woyamba, ndi kupempha chithunzi pa WhatsApp pakatha mwezi. Cha Adzatopa chinabwera atagona chagada pakhonde, kamtsikana kakumuveka chipewa cha sukulu.

Yambani ndi mmodzi, wamkulu, wobayidwa kale, ndipo muwauze opulumutsa agaluwo kuti mwezi umodzi kaye. Musanapite kukam'tenga, yendani m'mbali mwa mpanda wanuwo muone ngati pansi pa geti pali mpata wokwana mutu wa galu.