Mwandifunsa za Mark X, mwatokosa pachilonda

Imelo iyi inafika Lachiwiri usiku, ndipo ndinaiwerenga kawiri mpaka mayi akunyumba anandifunsa chimene ndikusekera ndekha. Mayi wina wa ku Chelstone akuti alandira chilimba, aphatikiza ndi kangongole ka kuntchito, akufuna kuitanitsa galimoto ku Japan. Iwo mtima uli pa Corolla Axio, koma amuna awo akakamira Mark X, ati chifukwa ali ndi ana atatu ndiponso amapita kumudzi ku Petauke. Agule iti?

Achemwali, amuna anuwo ndikuwadziwa ngakhale sitinaonanepo. Ndi ine ndemwe, zaka zingapo zapitazo.

Kwathu ndi ku Katete. Zaka zonse ndinkapita pa basi, kukwerera pa Intercity kusanache, n'kukatsika pa boma nditatuwa, chikwama paphewa. Msuweni wanga, amene ndinkamuuzira masamu kusukulu, ankafika pa galimoto yakeyake, ana akuithamangira, azakhali akululutira. Tsiku lina tikudya, malume anandifunsa pagulu kuti, "Kodi iwe ku Lusakako umagwira ntchito, kapena umangoperekeza anzako?" Anthu anaseka, inenso ndinaseka nawo, koma nsima inandikanika kumeza. Mawu amenewo ndiwo anagula Mark X. Ine ndinangolipira.

Inadzera ku Dar es Salaam, ndipo ndinakaitenga ndekha ku Nakonde. Yoyera, injini ya 2.5, masilinda 6. Ndisakunamizeni, panjira yaitali galimoto imeneyi ndi nyama. Mu Ogasiti tinapita ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika, ndipo m'mapiri aja a ku Luangwa, pamene malole amakwawa ngati nkhono, ine ndinkangoponda pang'ono basi, lole ili kumbuyo. Titafika, malume anakhala kutsogolo, kusisita mpando, amvekere, "Eya, ichi ndiye chigalimoto." Usiku umenewo ndinagona ngati mfumu.

Kenako kunabwera Seputembala.

Nthawiyo tinkachita lendi ku Mtendere, ntchito ili m'tauni. Amene amadutsa Great East Road m'mawa akudziwa: kuchokera pa Munali, kudutsa Arcades, Manda Hill, mpaka pa Kabwe Roundabout, umaima nthawi yambiri kuposa imene umayenda. Masilinda 6 aja sadziwa kuti mwaima, amangomwa. Thanki yake ndi ya malita pafupifupi 70, ndipo chichokereni ku Katete sindinaidzazenso. Anyamata a pafiling'i anandizolowera, ndikangotsitsa galasi iwo ayamba okha, "Monga mwa masiku onse, abwana?" Ubwana wake wa malita asanu. Kumapeto kwa mwezi, a ERB, bungwe loona za mafuta ndi magetsi, akamalengeza mtengo wa mafuta, ndinkamvetsera ngati mwana wodikira zotsatira za mayeso.

Pofika pa 15 mwezi uliwonse galimoto inkagona pabwalo, ine m'kaminibasi, kupanikizana ndi madengu a tomato, kiyi wa Mark X ali m'thumba. Aneba atandifunsa kuti yatani, ndinati ikudikira sipeya. Bodza. Inali bwinobwino, wodwala anali mwini wake.

Ndiye pali chinthu chimene anthu sachimvetsa. Amaganiza kuti galimoto yaikulu ndiye kuti ndi yokwera. Ayi ndithu. Mark X ndi yotsika ngati anzake ang'onoang'ono omwewo, kungoti ndi yaitali: kuchokera tayala lakutsogolo kufika lakumbuyo ndi mamita 2.85, pamene Axio ndi 2.6. Mimba yaitali choncho ikakwera hampu ili ndi anthu asanu ndi thumba la makala, imakhula basi. Mahampu a m'makomboni mwathu, omanga aliyense mmene wafunira, ndinkawadutsa chopingasa, aminibasi akundiimbira hutala kumbuyo. Mu Febuluwale tinapita ku maliro kumudzi, mvula itagwa usiku wonse. Mark X imakoka ndi matayala akumbuyo, ndipo m'matope imangovina chinamwali. Inatitimira padambo, anyamata asanu ndi mmodzi anaikankha, onse kufuna ya sopo. Kagalimoto kakang'ono ka aphunzitsi ena kanatidutsa m'mbali, iwo akutikweza dzanja mwaulemu.

Za kugalaja ndisayambe n'komwe. Mapulagi 6 m'malo mwa 4, oyilo wambiri, matayala okwera mtengo. Makaniko wina (dzina ndilisunge) akangoona chizindikiro cha X chija, mtengo unkasintha pakamwa pomwepo. Anandiika mashoko "atsopano" amene anatha miyezi iwiri. Galimoto yaikulu imauza aliyense kuti uli nazo: makaniko, wolondera pamalo oimikapo, achibale. Mafoni opempha fizi anachuluka chaka chimenecho kuposa zaka zonse.

Poyamba ndimafuna kulemba kuti zonse zili ndi ubwino wake, musankhe malinga ndi thumba lanu. Ndasintha maganizo ndili mkati molemba. Munthu amene akugula galimoto ndi chilimba ndi ngongole asagule V6, injini ya masilinda 6 ngati ya Mark X, ndatha ine. Kumudzi mumapita kangati pachaka? Kawiri, katatu ngati kwagwa zovuta. Masiku ena onsewo muli pamzere wa pa Manda Hill. Amunafe timagulira galimoto anthu amene adzaione Loweruka limodzi, n'kusiya mkazi akuwerengera ndiwo chaka chathunthu. Ndipo sitivomera kuti ndi ulemu umene tikufuna. Timati "ana akwane", timati "chitetezo pamsewu". Ine ndinanena zonsezi, mawu ake omwewa.

Nanga anawo akwana?

Apa amuna anu ali ndi mfundo pang'ono, ndisawapondereze. Mark X ndi yotambalala kuposa Axio ndi masentimita 8 mpaka 10. Koma pansi pa mpando wakumbuyo, pakati, pali chitunda chachikulu chifukwa shafti yopita kumatayala akumbuyo imadutsa pamenepo. Wokhala pakati amakhala maondo ali m'mwamba, ndipo kwathu ana ankamenyanirana kuti asakhale iwo. Pofika ku Nyimba wina akulira.

Izi zandikumbutsa anzathu amene amati agule yaikulu kuti madzulo azichita Yango, ya matakisi oitanitsa pa foni ija. Yango ndi V6? Mudzakhala mukugwirira ntchito eni filing'i. Taonani zimene anyamata ochita ntchitoyi amayendetsa: Vitz, Fit, Axio, timagalimoto tosamwa. Iwo amawerengera tsiku ndi tsiku, sanama.

Yankho lanu ndi ili. Ngati ana akali ang'ono, tengani Axio ya 1.5. Ngati ayamba kutalika miyendo ndipo bambo akufuna yooneka, kumanani pakati: Allion kapena Premio ya 1.5. Injini yake ndi 1NZ yomweyo ya mu Axio zambiri, imene makaniko aliyense mu Lusaka amaidziwa ndipo masipeya ake ali ponseponse, koma kumbuyo kuli malo otambasula miyendo ndipo buti ndi yaikulu. Msonkho wa ZRA, bungwe lotolera misonkho, umatsata kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndiye 1.5 imakupepukiraninso pa boda. Dziwani kuti Toyota inasiya kupanga Mark X mu 2019, Allion ndi Premio mu 2021, choncho zonse ndi zakale, yang'anitsitsani mmene ilili. Zambiri mwa Axio ndi Allion zili ndi giyabokosi ya CVT, mtundu wa otomatiki wofuna oyilo wakewake. Musalole munthu kuthiramo oyilo wamba wa otomatiki. Musanatumize ndalama, bwerekani ya mnzanu, mukweze ana onse atatu kumbuyo, mudutse mahampu a kwanu.

Yanga ija ndinagulitsa kwa mnyamata wina amene anaikonda asanatsegule n'komwe boneti. Ndinataya ndalama, koma ndinapuma. Pano ndili ndi Allion yotuwa, yosachititsa munthu kucheuka. Nditapita nayo ku Katete, malume anaizungulira kamodzi, n'kufunsa kuti, "Nanga chachikulu chija chili kuti?" Ndinati ndinagulitsa. Anakhala chete pang'ono, kenako anafunsa ngati matumba awiri a chimanga angalowe kumbuyoko, apite nawo kuchigayo. Analowa, ndi nkhuku pamwamba.