Achemwali, kahabu kaja musagule kaye

Achemwali, mwaswera bwanji? Pepani ndachedwa kuyankha, uthenga wanu ndinauona masana koma ntchito inandipana. Ndiye ndati ndingolankhula, zolemba zingandichulukire. Ndili pamzere wa taxi pa Bree pano, phokoso mukulimvali ndi limenelo.

Ngati ndamva bwino, laputopu ija anakugulirani alamu ili ndi mabowo atatu okha, awiri aang'onoang'ono ndi limodzi lalikulu lolowetsapo fulashi. Abwana anu akupatsani monita yomwe inangokhala ku ofesi, ndipo mukufuna muikeko monitayo, kiyibodi, mausi ndi printa kuti maakaunti a saluni muzichita osatsinzinira maso. Ndiye mwaona kachipangizo ka mabowo ambiri ku Small Street, mukufunsa ngati mugule mawa. Ayi achemwali, dikirani kaye. Kachipangizoko n'kofunikadi, timati habu, koma pali chinthu chimodzi choti tidziwe ndalama isanatuluke m'chikwama.

Mabowo aang'onowo dzina lake ndi USB-C. Vuto lake amafanana nkhope ngati mapasa, koma ntchito ndi zosiyana. Lina limangodutsa mafayilo basi. Lina limadutsa mafayilo, limachajanso. Lina ndiye limachita zonse, mpaka kutulutsa chithunzi kupita ku monita. Mukawayang'ana ndi maso simungawasiyanitse. Tsono mahabu wamba aja, ngakhale ali ndi bowo la HDMI pambali, lolowetsapo kebo ya monita, sapanga okha chithunzi. Amangolandira chomwe laputopu yatulutsa n'kuchipatsira monita. Ngati bowo la laputopu silitulutsa chithunzi, kiyibodi igwira, mausi igwira, fulashi iwerengeka, koma monita ingoti bii, n'kumakulemberani No Signal.

Ineyo zinandichitikira chaka chatha. Ndinagula habu m'tauni, kufika kunyumba monita zii. Ndinabwerera m'mawa ndili wolusa, kukangana naye mnyamata wa pashopu, mpaka anandisinthira ina. Iyonso zii. Kenako ndi pomwe mnzanga wa kuntchito anatenga laputopu yanga, kuyang'ana, n'kuseka. Mahabu onse awiri anali abwinobwino, wolakwa ndinali ine. Mpaka lero shopu imeneyo ndimailambalala, manyazi.

Ndiye chitani izi. Yatsani tochi ya foni muyang'ane pambali pa mabowo awiriwo. Mukaona kachizindikiro ka mphezi kokhala ndi kamuvi kumapeto, imeneyo ndi Thunderbolt, ndiye kuti zatheka, chithunzi chituluka. Mukaona chilembo D chokhala ndi P m'kati, ndi DisplayPort, nayonso ndi bwino. Mukangoona SS ndi kanthambi kaja, n'kutheka kuti ndi la mafayilo chabe. Koma malaputopu ambiri salemba kalikonse, ndiye njira yodalirika ndi iyi: itembenuzeni chafufumimba, mujambule kastika kapena timalemba ta pansipo pomwe pali nambala ya modelo, munditumizire. Ndikafufuza pa intaneti ngati pa USB-C pake analemba mawu akuti DisplayPort Alt Mode. Ndipo musadabwe tikapeza kuti mwa mabowo awiriwo ndi limodzi lokha lotulutsa chithunzi, zimachitika kawirikawiri.

Chithunzi chachiwiri mujambule kumbuyo kwa monita. Mamonita akale a m'maofesi ambiri amakhala ndi VGA, bowo labuluu lija la timabowo 15 lokhala ndi zomangira ziwiri m'mbali. Ena ali ndi loyera lalitali, DVI. Ngati HDMI ilipo, ntchito yachepa, kebo imodzi kuchoka pa habu basi. Ngati ndi VGA yokha, pafunika habu yokhala ndi VGA kapena adaputa. Apa samalani, adaputa imeneyi imayenda mbali imodzi. Yolembedwa HDMI to VGA ndiye yathu. Ya VGA to HDMI ndi chinthu china, ogulitsa ena amangopereka iliyonse yomwe dzanja lafikira. VGA sinyamula mawu, zilembo zimaonekanso zofooka pang'ono, koma pa Excel siivuta ayi.

Nkhani ya chaja tsopano. Simunanene, koma ndikuganiza kuti chaja yanu imalowa pa limodzi la mabowo aang'onowo. Ngati ndi choncho, chaja ikhale pa bowo lina, habu pa bowo lotulutsa chithunzi, nkhani yatha. Koma zikapezeka kuti bowo lochaja ndi lomwelonso lotulutsa chithunzi, mugule habu yolembedwa PD. Imeneyo chaja mumailowetsa pa habu, moto n'kudutsa kupita ku laputopu pa kebo imodzi yomweyo. Kungoti habu nayo imadyako moto wake. Chaja ikakhala ya 45W mutha kuona laputopu ikudandaula kuti ikuchaja pang'onopang'ono, ya 65W ndiye imakwanira bwino. Nambalayo yalembedwa pa chaja pomwepo.

Nanga tikapeza kuti mabowo onse awiri satulutsa chithunzi? Sikuti monita ibwerere kwa abwana ayi. Kuli zipangizo zina zotchedwa DisplayLink, zimenezo zimapanga chithunzi kudzera pa pulogalamu yomwe mumaika mu laputopu, ndipo zimagwira ngakhale pa bowo lalikulu lija. Mtengo wake ndi wokwererapo, komanso pamasewera apakompyuta sizisangalatsa, koma inu mukuwerengera ndalama za mameshi ndi mafuta a tsitsi, zikukwanirani. Achimwene a ku Pretoria, poti mumamvera mwakachetechete m'gulu muno, izi zikukukhudzaninso: MacBook Air yanu ya M1 ija ya 2020 payokha imalola monita imodzi yokha yakunja. Habu wamba ya ma HDMI awiri siikupatsani masikirini awiri osiyana.

Tibwerere kwa inu achemwali. Kiyibodi ndi mausi ine ndingakonde mugule zapamodzi zopanda waya, zija zimabwera ndi kachidutswa kamodzi kolumikizira zonse ziwiri. Kachidutswako mukaike pa bowo lalikulu la laputopu, osati pa habu. Chifukwa chake n'chakuti USB 3, ija ya buluu m'kati, ikamagwira ntchito imasokoneza mafunde a 2.4 GHz omwe mausi zimenezi zimayendera. Mukaika hadi draivu pafupi ndi kachidutswako, mausi imayamba kudumphadumpha ngati yaledzera, inu n'kumasintha mabatire abwinobwino. Za Bluetooth ndiye sizidya bowo n'komwe. Printa ngati ili ndi Wi-Fi musavutike ndi kebo, ngati ilibe ipite pa habu, siifuna liwiro lambiri.

Pabokosi la habu adzakulemberani 4K ndi zilembo zikuluzikulu, kutanthauza chithunzi chooneka bwino kwambiri. Zisakukopeni, monita yakale ya mu ofesi nthawi zambiri siipitirira 1080p, yomwe ndi yochepa poyerekeza ndi 4K, habu iliyonse yabwino imakwanitsa. China, kebo ya USB-C yochajira foni musamayese kutengera chithunzi, zambiri mwa zimenezo zilibe mawaya ake m'kati.

Zonse zikalumikizidwa monita n'kukhalabe yakuda, musathamangire kukakangana ndi wogulitsa ngati ine. Yambani mwadina kabatani ka pa monita kolembedwa Input kapena Source, musankhe komwe kebo yalowa. Kenako pa kiyibodi dinani batani la Windows pamodzi ndi P. Patuluka zosankha. Duplicate ndiye kuti masikirini onse akuonetsa zofanana, Extend ndiye kuti monita yasanduka tebulo lachiwiri, malisiti uku, Excel uku. Extend ndi imene mudzaikonde. Mukafuna kutseka laputopu n'kumagwiritsa monita yokha, pali pena pofunika kusintha kuti isamagone mukaitseka, ndidzakukonzerani ndikabwera.

Magetsi, eee, musaiwale. Monita ilibe batire, load shedding ikafika kapena nthambo zikabedwa kwanu ku Turffontein uko, ithima pomwepo, laputopu ipitiriza. Choopsa ndi pobwera magetsiwo, nthawi zina amabwera ndi ukali. Gulani pulagi yoteteza ija, amalemba surge protector, zonse zizidyera pamenepo. Ndipo tsiku lina mukadzaganiza zoikweza basi monitayo kupita nayo kumudzi, mphamvu ya magetsi ndi yofanana, 230V, chosiyana ndi mano a pulagi, kuno ozungulira, kwathu amakona. Ngati kebo yake ndi ija yonga ya ketulo, mungokagula ina ku Limbe.

Risiti musunge. Lamulo la kuno loteteza ogula, Consumer Protection Act, limapereka miyezi 6 yobweza katundu ngati ali ndi vuto. Koma mvetsetsani, habu yabwinobwino yomwe yangokanika kugwirizana ndi laputopu yanu si katundu wowonongeka, mwini shopu akhoza kukana ndipo simungamuchite kanthu. N'chifukwa chake ine masiku ano ndimanyamula laputopu kupita nayo, ayese pomwepo ndikuona ndi maso anga. Wokana kuyesa, ndimangotsanzika.

Loweruka ndikuweruka 1 koloko. Ndidzakupezani, tikayang'ane ku China Mall ku Crown Mines kapena ku Dragon City, tikayerekezenso ndi mitengo ya pa Takealot. Laputopu ndi chaja mudzanyamule, monita isiyeni, pa taxi ingatisautse.

Aa, mzere wasuntha, ndikukwera. Zithunzi ziwiri zija, pansi pa laputopu ndi kumbuyo kwa monita, mutumize usiku uno, muyatse nyali zioneke manambala. Alamu muwapatse moni. Usipa uja anabwera nawo amayi aang'ono musamalize, Loweruka ndidzadyera komweko.