Musaswe mwala kaye, achimwene

Achimwene, mwati madzi ochokera mu spa, kadziwe kakang'ono kali pamwamba pa pool kaja, sakugwa bwino kulowa mu pool, akungotsetsereka pakhoma ngati misozi, mbali imodzi ndi youma, ndipo abwana akuti aitane womanga adzaswe mwala wa pamlomo pa spa, pamene madziwo amagwera. Auzeni aleze mtima. Ndatsuka ma pool zaka zingapo kuno ku Joni, ndipo kawirikawiri mwala umakhala wosalakwa.

Madzi amene amagwa pamenepo ndi omwe pampu yakankhira mu spa mpaka kusefukira. Akachepa ofika mu spa, ogwa nawonso amachepa. Ndiye yambani ndi basiketi ya mu weir, bowo la m'mbali mwa pool lomwe pampu imakokerapo madzi, kenako ya papampu penipeni. Mwezi wa Okutobala maluwa a jacaranda amadzaza timabasiketi timeneti tsiku limodzi lokha. Kreepy Krauly, chotsukira pansi pa pool choyenda chokha chija, nayenso akatsamwa ndi kamwala amatsekereza madzi, mchotseni kaye muone ngati pasintha. Mukatero chitani backwash, kutsuka filter poyendetsa madzi cham'mbuyo, mphindi ziwiri kapena zitatu mpaka madzi a pakagalasi ka pa filter ayere, kenako rinse, kutsukuluza, theka la mphindi. Chogwirira cha pa filter musamachizungulize pampu ikulira. Ine ndinang'amba gasket, labala wotseka madzi m'kati mwake, chifukwa cha phuma lomwelo, ndalama yake anadula pa malipiro anga.

Zikapanda kusintha, pitani pa valavu yogawa madzi obwerera, ena ku pool ena ku spa. Mwina wina anaigunda n'kuisuntha pamalo pake. Itembenuzireni ku spa pang'onopang'ono, mnzanu ataima pa pool azikukuwirani. Chachikulu musatseke njira zonse ziwiri pampu ikuyenda.

Ndikufunseni chinthu chimodzi: m'mawa, pampu itagona usiku wonse, spa imakhala yodzaza? Ngati madzi ake amatsika mpaka kulingana ndi a mu pool, non-return valve, valavu yoletsa madzi kubwerera, yatha, madzi akubwerera cham'mbuyo m'paipi. Kusintha kachipangizo kameneka n'kotchipa kuposa tsiku limodzi la womanga.

Mwala tsopano. Zimitsani pampu, ikani level, choyezera ngati malo apendekeka, pamlomo pake. Kupendekeka kwa mamilimita atatu okha n'kokwanira kuti madzi onse athamangire mbali imodzi. Nthawi zina si kupendekeka ayi, ndi zoyera zolimba zija zomera m'mphepete. Palani ndi bulashi ndi asidi wa pool wosungunula, mutavala magolovesi, ndipo asidi ndiye amathiridwa m'madzi, osati madzi mu asidi. Ngati mwalawo ndi marble kapena travertine, asidi asayandikire, amaudya.

Madzi akamamatirabe pakhoma zonsezi zitachitika, ndiye kuti mlomo ndi waufupi. Apo womanga abwere, koma osati ndi nyundo. Aike tailosi yotulukira kunja masentimita awiri kapena atatu, adule kamzere kunsi kwake kuti madzi azidukira pomwepo. Akayamba kugwa bwino muziyeza pH, muyeso wa asidi m'madzi, pafupipafupi, chifukwa madzi ogwa amaikweza. Izikhala pakati pa 7.2 ndi 7.6.