Andibera kafukufuku wanga wa nshawa, ndikadandaule kuti?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina, mlangizi wa zaulimi kuno kum'mawa. Akuti: "Zaka zitatu zapitazo ndinalemba disetesheni (buku la kafukufuku wa digiri) yonena za chuku m'nshawa za alimi a ku Katete. Mwezi watha mnzanga ananditumizira pepala lotuluka m'jenala (magazini ya kafukufuku) ina ya kunja. Ndime zinayi ndi tebulo limodzi ndi zanga ndendende, koma dzina langa mulibe. Kodi ndimuyalutse pa Facebook?"

Amayi, pepani kwambiri. Inu munazungulira midzi dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, mukusuzumira m'nkhokwe za eni, mukutendeza nshawa mpaka zala kuwawa, wina n'kungokolola ali khale pampando. Komabe za Facebook zija yambani mwaleka. Mukamutcha mbava pagulu, mlandu umakutembenukirani: anthu amasiya za ndime zanu n'kuyamba za kuipitsa mbiri ya munthu, ndipo mwamupatsanso nthawi yoluka bodza.

Mlandu wotere umayenda ndi madeti. Pezani disetesheni yanu pamene pakuoneka chaka chimene munaipereka. Mayunivesite ambiri, monga UNZA, amaika madisetesheni pa intaneti, ndiye ngati yanu ilipo, mboni mwapeza kale. Pepala la m'jenala nalo kawirikawiri limasonyeza patsamba loyamba tsiku limene akonzi analilandira. Kenako tsegulani tsamba latsopano pa kompyuta, ndime zanu kumanzere, zake kumanja, ndi manambala a masamba. Tebulo lija muliyang'anitsitse. Ngati munaphonya kalembedwe ka dzina la mudzi, iyenso n'kuphonya pomwepo, ndiye kuti mwamupeza nkhuku ili m'khwapa. Ine ndinaunikapo pepala la jenala ina lomwe linati "onani chithunzi 7", pamene zithunzi zinalimo zitatu zokha. Mwini wake anakopera ndi zinyalala zomwe.

Zimenezo mutumize kwa mkonzi wamkulu wa jenalayo, kalata yaifupi, yopanda chipongwe. Musati "wandibera". Nenani kuti ndime izi zikufanana ndi za m'ntchito yanu ya chaka chakuti, ndipo mukupempha kuti afufuze.

Majenala ambiri odalirika amatsata ndondomeko za COPE, bungwe loona za chilungamo posindikiza kafukufuku, limene akonzi a majenala a zachipatala anayambitsa ku Britain mu 1997. Mkonzi amafananitsa zolembazo, n'kulembera wolembayo kuti afotokoze mbali yake. Zikakhala kuti ndi ziganizo zochepa zomwe sanatchule mwini wake, amangosindikiza chikonzero. Koma kutenga tebulo la zotsatira za munthu wina n'kunena kuti ndi lako si nkhani yaing'ono: pepala lotere amalibweza, ndipo nthawi zina amadziwitsanso kuntchito kwa wolembayo. Pepala lobwezedwa silifufutidwa ayi. Limakhalabe pa intaneti lili ndi chidindo choti "Retracted", kutanthauza kuti jenalayo yalikana, aliyense n'kumaona. Kungoti mkonzi si khoti, sangakulipiritsireni munthu ngakhale kwacha imodzi.

Wina angakuuzeni kuti pepalalo analipima pa Turnitin kapena iThenticate, makina a pa kompyuta ofufuza mawu okopera, peresenti ya mawu ofanana inatuluka yochepa. Musagwe nazo mphwayi. Makinawa amangowerenga mawu ofanana ndi zomwe ali nazo m'nkhokwe yawo. Woweruza ndi munthu. Ndime zinayi m'pepala lalitali zimatha kumira, ndipo manambala a m'tebulo makinawo amawaphonya kawirikawiri.

Konzekerani kudikira. Zimatenga miyezi, nthawi zina kupitirira chaka, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Pakapita mwezi muli zii, kumbutsani, ndipo mulembereko kampani yosindikiza jenalayo. Ngati jenalayo ndi membala wa COPE mungakadandaulenso kumeneko, ngakhale iwo sagamula kuti wolakwa ndani. Amangofunsa ngati mkonzi anatsata njira yake. Vuto ndi timajenala tija tongofuna madola, tosindikiza chilichonse m'sabata imodzi. Kumeneko kalata yanu idzagwera m'chitsime, ndiye lunjikani ku yunivesite kapena ofesi imene munthuyo amagwirako ntchito. Musaganize kuti n'zopanda mano: mu 2011 nduna ya zachitetezo ku Germany, Karl-Theodor zu Guttenberg, inatula pansi udindo yunivesite ya Bayreuth itailanda digiri ya udokotala chifukwa chokopera.

Chimodzi simunandiuze, amayi: munthuyu mumamudziwa? Ngati ndi amene ankakuyang'anirani pa kafukufukuyo, nkhani isinthako. Adzati ntchitoyo munagwirira limodzi, ndipo mikangano ya dzina loyenera kukhala pa pepala akonzi amakonda kuibwezera ku yunivesite. Zikakhala choncho, fukulani maimelo onse amene munkamutumizira machaputala, ndi kabuku kanu kakumunda kaja, ngakhale katada ndi dothi. Mundilemberenso mukazipeza.