Kodi keke ndi khofi za m'tauni ndi za anthu ngati ife?

Imelo ina yomwe ndalandira sabata ino yandikhala pamtima. Mtsikana wina wogwira ntchito ku Limbe akuti amadutsa pa ma cafe ang'onoang'ono a muno mu Blantyre, amasirira keke ndi khofi, koma akafika pageti miyendo imalemera. Akuopa kuti ndi malo a azungu ndi mabwana, sadziwa choitanitsa, ndipo kwawo akamva kuti wagula kachidutswa ka keke pa mtengo wa ndiwo za banja lonse amutcha wonyada. Akufunsa kuti ayambire pati.

Achemwali, funso lanu landigunda pabala, ndiye mundipirire chifukwa ndiyamba ndi amayi anga.

Amayi anathyola tiyi ku Thyolo zaka zambiri za moyo wawo. Ankadzuka kusanache, dengu kumsana, chipepala cha pulasitiki m'chiuno kuti mame ndi nthambi zisawang'ambire chitenje. Pothyola amafuna masamba awiri anthete ndi kansonga kake, ndipo dzanja likazolowera limachita zimenezi maso ali kwina. Dzuwa likakwera, madengu amapita pa sikelo, kapitawo n'kulemba makilogalamu. Nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka cha m'ma Epulo, tiyi amaphuka kwambiri ndipo amayi ankabwera kunyumba zala zitachita mikwingwirima yakuda. Madzulo amenewo ife tinkamwa tiyi wafumbi wa m'timapaketi ta pa okala, wowiritsira mumphika limodzi ndi shuga. Ndinakula ndikudziwa kuti tiyi ndi ameneyo basi. Tiyi wabwino wochokera m'manja mwa amayi ankalowa m'fakitale, kuchoka apo pa okushoni ya ku Limbe, kenako ku South Africa kapena ku Britain komwe amakamusakaniza ndi wa maiko ena. Mwina inu mumadutsa pafupi ndi malonda amenewo tsiku lililonse popita ku ntchito.

Ndinali mayi kale pamene ndinamwa koyamba tiyi wa masamba athunthu wa ku Satemwa, esiteti ya ku Thyolo yomwe inayamba mu 1923. Anabwera naye mu tipoti, masamba akutambasuka m'madzi mpaka kuoneka mmene analili pamtengo. Sanafune shuga wambiri, fungo lake linali la maluwa. Misozi inalengeza m'maso, chifukwa ndinazindikira masamba awiri ndi kansonga aja, ndipo ndinadziwa kuti amayi anapita kumanda osalawa chinthu chomwe anachidziwa bwino kuposa aliyense amene anakhala m'chipinda chimenecho.

Choncho mantha anuwo sindikuwapeputsa. Ali ndi mizu. Khofi anafika pa Blantyre Mission mu 1878, mbande zake zitachokera ku Edinburgh ndi Jonathan Duncan, ndipo m'zaka za m'ma 1890 mapiri a kuno anadzaza minda ya khofi mpaka mtengo wa khofi unajambulidwa pa chizindikiro cha boma la atsamunda. Mitengo ya malonda itagwa ndipo matenda atalowa m'minda, eni maesiteti anatembenukira ku fodya, thonje ndi tiyi. Ku Mulanje tiyi anali atadzalidwa kale ndi Henry Brown mu 1891. Amene ankalima zonsezi anali makolo athu, ambiri mwa iwo Alhomwe obwera kuchokera ku Mozambique, pansi pa thangata: kugwira ntchito kwa mwini malo kuti uloledwe kukhala pa dothi. Munthu wakuda ankafika pa tebulo la tiyi atanyamula thileyi. Mibadwo itatu kapena inayi siikwanira kufufuta zimenezi m'thupi. Mukaima pageti la cafe mtima n'kugunda, ndi mbiri imeneyi ikukukokani chitenje.

Koma ine ndatopa nazo, ndipo pano ndilankhula mosabisa. Mwana wa m'dziko lolima tiyi ndi khofi sayenera kupempha chilolezo kuti amwe tiyi ndi khofi wabwino. Sindivomereza zoti ndi "zachizungu". Zachizungu bwanji pomwe mkaka ukuchokera kwa alimi a ku Bvumbwe ndi Chiradzulu, shuga ku Nchalo, makademiya ku Thyolo, chinanazi ku Mulanje, sitiroberi pa phiri la Zomba? Amene akuphika kukhitchini ndi mnyamata wa ku Mbayani kapena mayi wa ku Chilomoni. Tikamazitcha zachizungu tikupereka kwa ena chinthu chomwe thukuta lake ndi lathu.

Sindikunamizani kuti kulikonse mudzalandiridwa ndi manja awiri. Ndikugwira ntchito cha ku Ginnery Corner ndinalowa pa cafe ina masana a Loweruka, n'kukhala pa tebulo la pakona. Woperekera zakudya anandidutsa kangapo. Alendo oyera khungu amene anabwera pambuyo panga anapatsidwa menyu, madzi, mpaka keke yawo inafika ine ndisanafunsidwe kanthu. Chinandiwawa kwambiri n'chakuti amene ankandidumphayo anali mwana wakwathu, wolankhula Chichewa changa chomwechi. Mtima unkati nyamuka uzipita. Ndinakhala. Ndinakweza dzanja, n'kumupatsa moni wa Chichewa, "Mwaswera bwanji achimwene, ndithandizeniko," ndipo ndinaitanitsa zomwe ndinabwerera. Mnyamatayo sindimusungira mangawa. Anaphunzitsidwa ndi malipiro ochepa kuti ndalama yapadera imachokera pa matebulo ena. Koma sadzasiya kuganiza choncho ngati ife tipitiriza kubwerera pageti. Mwini cafe amene antchito ake amasankha nkhope ayenera kuuzidwa, ndipo ngati sasintha, ndalama zanu zipite kwina. Malo aulemu alipo ambiri, ndipo ena mwa iwo eni ake ndi Amalawi, kuphatikizapo amayi amene anayamba ndi kuphika makeke a ukwati ndi a tsiku lobadwa kunyumba kwawo.

Ndinenenso za tiyirumu, chifukwa pali anthu ena akangolawa cappuccino amayamba kunyoza komwe anachokera, ndipo zimenezi zimandinyansa mofanana ndi mantha aja. Pitani mumsika wa Ndirande kapena pa Wenela m'mawa kukuzizira. Benchi, kapu yaikulu yodzaza mpaka pakamwa, mkaka wambiri, sikono yopaka majarini kapena mandasi otentha, wailesi ikulira, anthu akukambirana za Bullets ndi Wanderers. Oyendetsa kabaza, onyamula katundu, alonda ochokera ku ntchito ya usiku, onse amayambira tsiku pamenepo. Amenewo ndi ma cafe athu oyamba, ndipo eni ake ndi odziimira paokha kuposa wina aliyense. Chitumbuwa chabwino cha nthochi zakupsa kapena chigumu chophikidwa pa mbaula, makala pansi makala pamwamba, sichichepa pamaso pa keke iliyonse. Ndimalakalaka ma cafe a ku Namiwawa ndi Sunnyside ataika chikondamoyo ndi zitumbuwa pa menyu popanda manyazi. Munthu mmodzi angathe kumwa tiyi ku Ndirande Lachiwiri n'kukamwa khofi ku Mandala Loweruka, osasintha dzina kapena kalankhulidwe.

Kusiyana kwake n'kumodzi, ndipo kwa ine n'kwakukulu. Mu tiyirumu umamwa n'kunyamuka kuti wina akhale. Pa cafe umagula nthawi. Ndipo apa ndi pamene nkhani yanu yandipweteka kachiwiri, poti ndinu mkazi. Tawerengani malo amene mayi wa mu Blantyre angakhale pansi yekha popanda womufunsa chomwe akudikira. Abambo ali ndi mabala, ali ndi bawo pansi pa mtengo, ali ndi mpira. Ife tili ndi tchalitchi, maliro, zinkhoswe, banki m'khonde, ndipo konseko timapita kukagwira ntchito ina: kuphika, kusonkha, kuimba, kutsuka mbale. Kukhala phee ola limodzi, wina n'kukubweretsera chakumwa, iwe n'kumawerenga buku kapena kungoyang'ana mitengo, ambiri a ife sitinakuonepo kwa amayi athu. N'chifukwa chake tikakuchita timamva ngati taba. Sitinabe. Thupi lomwe limadzuka 4 koloko kukatunga madzi mipopi ikauma, kukwera minibasi ziwiri, kugwira ntchito tsiku lonse n'kubwerera kukaphika, lili ndi ufulu wopuma pamalo pokongola.

Nanga ndalama?

Apa a kwanu sakulakwa kwenikweni. Keke ya pa cafe ndi yodula, ndipo mwezi umene kunyumba kulibe ufa kapena fizi ya mwana siinakwane, keke idikire. Palibe kukoma komwe kungapose mtendere wa pakhomo. Ngongole ya katapila chifukwa cha chithunzi cha pa Facebook ndiye ayi ndithu.

Koma mtengowo sikuti eni malo akukuberani. Mayi wina amene ali ndi kamalo kake ka matebulo ochepa anandiwerengera tsiku lina, ndipo ndinachoka ndikumumvera chisoni. Tirigu wambiri amene timagaya muno amachokera kunja, choncho kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pambuyo pa kugwetsedwa kwina kwa 25 peresenti mu Meyi 2022, fulawa, batala, chokoleti ndi zipangizo za makina a khofi zonse zinakwera nthawi imodzi. Mu 2024 shuga yemwe anasowa m'mashopu, m'dziko lodzala nzimbe. Magetsi akazima keke ili mu uvuni, imafwamphuka ndipo yonse yatayika. Jenereta imafuna mafuta, mafutawo ndi a pamzere. Onjezani lendi ndi malipiro a antchito. Sitolo yaikulu imatha kumeza zotayika zotere, koma mayi wa matebulo asanu sangathe. Ndalama yomwe mumasiya pamalo otere imazungulira pafupi: kwa wogulitsa mazira, kwa mlimi wa mkaka, kwa mtsikana wotsuka makapu.

Chomwe sindikhululukira ndi cafe yomwe imakulipiritsa mtengo wotere n'kukupatsa kathumba ka tiyi kochokera kunja kapena khofi wa m'chitini. Ambiri tinakulira Ricoffy, amene ndi khofi wosakaniza ndi chicory (muzu wokazinga wa chomera china), ndipo sindimunyoza pa tebulo la kunyumba. Koma pa cafe, m'dziko lomwe alimi ang'onoang'ono a ku mapiri a Misuku ku Chitipa, Phoka ku Rumphi ndi Viphya amalima khofi wa mtundu wa arabica wogulitsidwa pansi pa dzina la Mzuzu Coffee, m'mzinda umene Thyolo ili ulendo wa ola limodzi, kupatsa munthu za m'chitini ndi ulesi komanso kunyoza alimi athu. Ine ndimafunsa nthawi zonse kuti khofiyu ndi wakuti, tiyiyu ndi wakuti. Malo abwino amayankha monyadira, ena mpaka amakuonetsa paketi. Inunso muzifunsa. Eni malo akamva funso limeneli kawirikawiri amayamba kugula zakwathu.

Za choitanitsa

Safunsa anadya phula, ndiye funsani, palibe anabadwa akudziwa menyu. Espresso ndi kakhofi kochepa kwambiri, kowawa ndi kamphamvu, musayambire pamenepo. Cappuccino ndi espresso yothira mkaka wotentha ndi thovu pamwamba, latte ndi chimodzimodzi koma mkaka wochuluka, ndipo kwa munthu wozolowera tiyi wamkaka ziwirizi ndiye zolowera bwino. Americano ndi espresso yowonjezera madzi otentha. Ngati khofi amakugunditsani mtima kapena kukusowetsani tulo, imwani m'mawa, kapena itanitsani tipoti ya tiyi, yomwe kawirikawiri imatulutsa makapu awiri ndipo ndi yotsikirapo mtengo. Pa keke, yambani ndi ya nthochi kapena ya karoti, zimakhala zofewa ndipo zipangizo zake zambiri n'zapafupi. Funsani kuti yaphikidwa liti. Keke yokhala masiku mufiriji imauma m'mbali ndipo kirimu wake amamva fungo la zinthu zina.

Poyambira pabwino ndi Mandala House. Nyumbayi inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes yomwe inkayendetsedwa ndi abale awiri, John ndi Frederick Moir, ndipo ndi imodzi mwa nyumba zakale kwambiri zomwe zidakaima m'dziko muno. Pansi pali cafe ndi malo oonetsera zojambula otchedwa La Caverna, pamwamba pali laibulale ya Society of Malawi. Ndikuitchula chifukwa mungayambe ndi kuyendera zojambulazo, mtima n'kukhazikika, kenako n'kukhala pakhonde. Ndimakondanso kuti mdzukulu wa anthu amene ankafika pamalopo atasenza katundu wa kampani pamutu akhale pampando n'kuitanitsa. Malo ena ang'onoang'ono abisala m'nyumba zakale za ku Namiwawa, Sunnyside ndi Nyambadwe, ambiri opanda chikwangwani chachikulu. Amatsegulidwa ndi kutsekedwa kawirikawiri, choncho funsani anzanu a ku ntchito kapena yang'anani masamba awo pa intaneti musanalipire minibasi. Ena satsegula Lamulungu.

Pitani pakati pa sabata kapena Loweruka m'mawa kusanadzaze. Nyengo ya chiperoni, mu Juni ndi Julaye, ndiye yokoma kwambiri pa chakumwa chotentha. Valani zomwe mumavala ku ntchito, ngakhale chitenje. Onani mitengo pa menyu musanaitanitse, ndipo ngati palibe yolembedwa funsani, si zamanyazi. Ngati thumba lachepa tengani mnzanu mugawane chidutswa chimodzi ndi tipoti imodzi, anthu ambiri amatero. Funsaninso pachiyambi ngati amalandira Airtel Money kapena Mpamba. Keke ikatsala pemphani akukulungireni. Woperekera akakusamalirani bwino musiyireni kangachepe m'manja, ngakhale ya minibasi yobwerera kwawo.

A kunyumba simukuyenera kuwabisira kapena kuwafotokozera zambiri. Mwezi wina malipiro akalowa atengeni mayi anu, muwaitanitsire tiyi wa masamba athunthu wa ku Thyolo ndi keke ya nthochi, ndipo bilu ikabwera muilandire nokha asaione.