Ayi, alakatuli ambiri sankatumiza okha ndakatulo zawo

Achimwene, mwafunsa ngati alakatuli a ku England a zaka za m'ma 1500 ankapereka okha ndakatulo zawo kwa osindikiza mabuku osonkhanitsa ndakatulo za anthu osiyanasiyana. Nthawi zambiri sizinkatero.

Anthu a kunyumba ya mfumu ankaona ngati n'kudzitsitsa kugulitsa ndakatulo pamsika. Ankalemba papepala n'kupatsa anzawo, anzawowo n'kukopera m'mabuku awo a pamanja, mwina kusinthako mawu, mwina kuiwala dzina la mwini wake. Osindikiza ankatola m'mabuku amenewa.

Taonani buku la ndakatulo za anthu osiyanasiyana limene wosindikiza wina, Richard Tottel, anatulutsa ku London mu 1557, Songes and Sonettes. Mwa alakatuli a m'bukuli, Thomas Wyatt anali atamwalira mu 1542, ndipo Henry Howard, wodziwika ndi dzina la udindo wake loti Surrey, anali atadulidwa mutu mu 1547, ndiye panalibe wowapempha chilolezo. Pachikuto anatchulapo Surrey yekha poti anali wa banja lapamwamba, chonsecho ndakatulo za Wyatt ndi zimene zinachuluka. Chondinyansa ine n'chakuti wokonza bukulo anasalaza mizere ya Wyatt kuti izimveka mofanana, n'kuikaponso mitu yakeyake. Tikudziwa zimenezi chifukwa buku la pamanja la Wyatt lidakalipo ku British Library.

Umwini wa buku unali wa wosindikiza amene walilembetsa ku Stationers' Company, bungwe la osindikiza ndi ogulitsa mabuku ku London, osati wa wolemba. N'chifukwa chake wosindikiza wina, William Jaggard, anaika dzina la Shakespeare pa buku la ndakatulo lotchedwa The Passionate Pilgrim, pamene mwa ndakatulo 20 za m'menemo zodziwika kuti n'zake ndi 5 zokha.