Mbalame yathu tiitche ndani?

FUNSO: Azakhali, tagula mbalame ya mtundu wa cockatiel kwa munthu wina amene amaziweta. Ndi yotuwa, ya miyezi 3. Mwana wanga wamkazi akuti ikhale Mfumukazi, koma bambo ake akakamira dzina loti Adzatopa, polasa aneba amene amatijeda. Tithandizeni, pakhomo pavuta.
Mayi wa ku Chilomoni, Blantyre

YANKHO: Mayi, dzina la abambolo ndalikana, ndipo muwauze mwaulemu kuti ndine ndalikana. Zotcha agalu mayina olasa anzathu tonse tinakula tikuziona, koma galu sabwereza mawu. Cockatiel, makamaka yaimuna, imaloweza likhweru ndi timawu tingapo timene imamva kawirikawiri, ndipo palibe mawu amene idzamve koposa dzina lake. Aneba adzabwera kudzapempha mchere, iyo n'kumakuwa "Adzatopa" m'khola. Mudzayang'ana kuti? Komanso mbalame imeneyi ikasamalidwa bwino imakhala zaka 15 mpaka 20. Mkangano wa chaka chino udzatha, dzina lidzatsala.

La mwanalo ndi lokoma, koma taliimikani kaye. Pa miyezi 3 simungadziwe ndi maso ngati ndi yaikazi, chifukwa ana onse a cockatiel yotuwa amaoneka ngati mayi awo. Nthenga zoyamba zimathothoka ikafika miyezi 6 mpaka 9. Ikakhala yaimuna, nkhope imasanduka yachikasu chowala, madontho ofiirira a m'masaya amaoneka kwambiri, ndipo timizere ta pansi pa mchira timazimirira. Yaikazi imatsala ndi nkhope yotuwirako, timizere take osachoka. Mfumukazi wanuyo akhoza kudzakhala tambala woimba m'mawa uliwonse, mwana n'kukhumudwa.

Ine ndikanakhala inu ndikanaipenyetsetsa kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Mbalame zimenezi kwawo ndi ku Australia, ndipo ndi zazing'ono kuposa zonse m'banja la ma cockatoo, aja a tsumba pamutu. Tsumbalo limanena za mumtima: ikadzidzimuka limaima njo, ikakwiya limagona mpaka kumamatira kumutu. Ina ndi yamantha, ina yachidwi yosasiya kutompha ndolo za munthu, ina yaphokoso. Khalidwe limenelo ndilo likupatseni dzina. Likhale lalifupi, losavuta kuitana, loyenera yaimuna ndi yaikazi yomwe: Tsumba, Chidwi, Phiko, Dalo, Nthungo ngati ili yolusa. Lisafanane ndi la munthu wa pakhomopo, kuopa kuti mukaitana mwana mbalame ndiyo iziyankha. Mwanayo mumulole asankhe pa mayina awiri kapena atatu amene nonse mwagwirizana, popeza ndi iye adzakule nayo.

Mukasankha, nonse muziitana dzina lomwelo, ndi mawu ofatsa, pomwe mukuipatsa chakudya chimene imakonda monga mawere. Ikatembenuka kapena kuyankha, ipatseni kanjere. Musaitchule dzina poikalipira.

Pali china chimene simunafunse koma sindingachisiye, chifukwa kwathu kuno mapeyala ali ponseponse ndipo ana amakonda kugawana ndi ziweto: peyala ndi poizoni kwa mbalame imeneyi, chokoleti chimodzimodzi. Khola lake likhalenso kutali ndi mbaula, chifukwa utsi umene inu mungaupirire iyo ungaiphe. Mumuuze mwanayo zimenezi lero lomwe, dzina lisanapezeke n'komwe.